Ukwati ukatha, mwana amapita kwa yani? Ulendo wa funsoli kuchokera pabwalo la ankhoswe kufika kukhoti

Pa milandu yonse imene majisitireti amamva palibe wolemetsa mtima ngati wa anthu awiri amene anali pabanja ndipo tsopano akulimbirana mwana. Katundu amagawika: wina atenga njinga, wina makina osokera, mbuzi aziwerenga n'kugawana. Mwana sagawika. Lero woweruza wa ku Lilongwe, wa ku Chipata, wa ku Tete ndi wa ku Johannesburg amayankha ndi mawu ofanana, akuti chimene khoti likuyang'ana ndi ubwino wa mwanayo. Mawuwa tawazolowera kotero kuti timaganiza kuti akhalapo chiyambire. Koma ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imadutsa m'midzi yathu, m'nyumba ina ya ku London, ndi m'maofesi a abwanamkubwa a nthawi ya atsamunda.

Tiyambire kwathu. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Ansenga, funso lakuti mwana ndi wa yani linali ndi yankho mwanayo asanabadwe. Mwana anali wa mbumba ya mayi ake. Mwamuna ankapita chikamwini, kumanga nyumba pamudzi wa mkazi ndi kulima munda umene apongozi amulozera. Ulamuliro pa ana unali m'manja mwa mwinimbumba, mlongo wake wa mkaziyo, amene anawo amamutcha malume kapena mtsibweni. Mwana akadwala kwambiri, akapalamula mlandu, akafuna kukwatira, uthenga unkayamba wafika kwa malume. Ukwati ukavuta ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi, ndipo zikakanika mwamuna ankasudzulidwa, natenga khasu lake, nkhwangwa ndi mphasa, ulendo wa kwawo. Ana ankatsala pamene anabadwira. Ngakhale mkazi atatengedwa chitengwa kupita kwa mwamuna, ukwati ukatha ankabwerera kwawo ndi ana ake, chifukwa mphatso yoperekedwa popempha chitengwa sinkagula ana.

Kwa Angoni a ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata, kwa Atumbuka ambiri, Angonde ndi Asena a kuchigwa cha Shire, yankho linali lina koma lokonzekeratu chimodzimodzi. Ng'ombe za lobola zikaperekedwa, ana anali a mtundu wa bambo. Mkazi akachoka ankatha kupita ndi khanda loyamwa, koma aliyense ankadziwa kuti likakula lidzabwerera. M'miyambo iwiri yonseyi mlandu unali pakati pa mabanja awiri aakulu. Mwamuna ndi mkazi paokha analibe mawu omaliza, ndipo mwana sankafunsidwa.

Ndisakometse zakale mopitirira. Bambo wachichewa amene anakonda ana ake ankachoka pamudzi ali wosweka mtima, ndipo ena ankafunafuna njira zozembera mwambowo. M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya malonda a akapolo, amuna olemera ankakwatira akazi ogwidwa ukapolo chifukwa mkazi wotero analibe mlongo womuimira, choncho ana ake ankakhala a bamboyo. Kulimbana kwa bambo ndi malume ndi kwakale kuposa khoti lililonse la boma. Pulofesa Kings Phiri analemba za kusintha kumeneku mu 1983, naonetsa momwe ukapolo, kubwera kwa Angoni, mishoni ndi ulimi wa fodya zinakankhira banja la Achewa kumbali ya bambo pang'onopang'ono.

Tsopano tiwoloke nyanja, chifukwa malamulo olembedwa amene makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia analandira anachokera ku England. Ambiri timaganiza kuti Azungu anabwera ndi malamulo okomera amayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zinthu sizinali choncho. Mkazi wokwatiwa ku England sankawerengedwa ngati munthu woima payekha pamaso pa lamulo. Katundu wake anali wa mwamuna, ndipo ana obadwa m'banja anali m'manja mwa bambo yekha. Mu 1804, pa mlandu wa De Manneville, bambo analanda khanda la miyezi isanu ndi itatu limene linali likuyamwabe. Mayi atakadandaula, khoti linakana kumubwezera mwanayo ponena kuti bambo ali ndi ufulu pa mwana wake. Agogo athu a ku Dedza kapena ku Katete akanamva chigamulo chimenecho akanagwira pakamwa.

Munthu amene anayamba kugwetsa khoma limeneli ndi Caroline Norton. Anabadwa mu 1808, mdzukulu wa Richard Brinsley Sheridan, mlembi wotchuka wa masewero. Mu 1827 anakwatiwa ndi George Norton, ndipo anabereka ana aamuna atatu: Fletcher, Brinsley ndi William. Banjalo linali la ndewu, ndipo mwamunayo ankamumenya. Mu 1836, atakangana, George anachotsa anawo panyumba nawabisa kwa abale ake, kenaka anatsekera mkazi wake kunja. Chaka chomwecho anasumira Lord Melbourne, amene anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, kuti anachita chigololo ndi mkazi wake. Mlanduwo unagwa chifukwa umboni unali wosagwira mtima. Koma taonani msampha wake: popeza Caroline sanapezeke wolakwa, ukwati sukanatha, ndipo popeza ukwati sunathe, ana anali a George. Pamlandu wonena za thupi lake ndi mbiri yake, Caroline sanaloledwe n'komwe kulankhula.

Chida chimene anali nacho chinali cholembera. Analemba timabuku tofotokoza nkhanza za lamulolo, kena pogwiritsa ntchito dzina lachimuna lakuti Pearce Stevenson kuti akuluakulu akawerenge mosanyoza. Phungu wina wa Nyumba ya Malamulo, Thomas Talfourd, anatenga nkhaniyo. Bilu yake inakanidwa ndi nyumba ya mafumu mu 1838, koma inadutsa chaka chotsatira. Lamulo la 1839 linalola mayi kupempha khoti kuti asunge ana osakwana zaka zisanu ndi ziwiri, ndi kuti aziona ana okulirapo, pokhapokha ngati sanapezeke ndi mlandu wa chigololo. Linali laling'ono, komanso lothandiza okhawo okhala ndi ndalama zolipirira khoti lalikulu. Komabe apa m'pamene lamulo lolembedwa linavomereza kuti kholo limene silikukhala ndi mwana likhoza kupatsidwa ndi khoti mpata womuona. Zonse zimene timamva lero za masiku oyendera mwana zinamera pa mbewu imeneyi.

Caroline mwiniwake sanapindule nalo msanga. George anali atatumiza anawo ku Scotland, kumene lamulolo silinkagwira ntchito. Mu 1842 William, wamng'ono pa onse, anagwa pa hatchi, chilonda chinakula, ndipo pamene mayi ake ankafika anapeza atamwalira kale. Pambuyo pa maliro amenewo m'pamene George anayamba kulola kuti mayiyo aziona awiri otsalawo mokwanira. Chinyengo chowolotsa mwana malire kuti lamulo lisamupeze tidzakumana nachonso kumapeto.

Zotsatira zinayenda pang'onopang'ono. Mu 1873 zaka zinakwezedwa kufika pa 16. Koma mu 1883, pa mlandu wa Agar-Ellis, khoti la apilo linalolabe bambo kuletsa mwana wake wamkazi wa zaka pafupifupi 17 kuchezerana momasuka ndi mayi ake, nkhani yake itayambira pa kusiyana mipingo. Lamulo la 1886 linauza oweruza kuti aziganizira ubwino wa mwana, ndipo la 1925 linanena poyera kuti ubwino wa mwana ndiwo woyamba ndi wopambana zonse, ndi kuti bambo alibe ufulu woposa wa mayi. Panapita zaka 86 kuchokera pa lamulo la Caroline Norton.

Pamene zonsezi zinali mkati, mbendera ya Britain inali itakwera kale ku Zomba ndi ku Fort Jameson. Lamulo la mfumu la 1902 linakhazikitsa khoti lalikulu m'dziko limene linadzatchedwa Nyasaland, nalipatsa malamulo a ku England monga momwe analili pa 11 August 1902. Ku Northern Rhodesia tsiku lake linali 17 August 1911. Lamulo la 1902 lija linanenanso kuti pa milandu ya anthu akuda makhoti azitsogozedwa ndi mwambo wa eni dziko, bola ngati mwambowo sukutsutsana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino. Chilungamo cha yani? Cha bwana wa ku boma, mnyamata wochokera kudziko kumene agogo ake aakazi analibe ufulu pa ana awo. Kwa iye, ndi kwa amishoni ambiri, banja loyenera linali la bambo monga mutu, ndipo malume ankaoneka ngati munthu wolowerera za eni.

Kuyambira pamenepo panakhala njira ziwiri. Okwatirana motsata lamulo la ukwati la 1902 ankathetsa ukwati wawo kukhoti lalikulu, potsata lamulo la chisudzulo la 1905 ndi maganizo a ku England. Amenewa anali ochepa. Anthu ambiri, ngakhale odalitsa ukwati kutchalitchi, ankatsata mwambo, ndipo milandu yawo inkapita kwa mafumu kapena kwa bwana wa ku boma. Makhoti a mafumu anavomerezedwa ndi boma mu 1929 ku Northern Rhodesia ndi mu 1933 ku Nyasaland.

Pano pali mfundo imene Martin Chanock anaifotokoza m'buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yoona. Chimene chinalembedwa m'mabuku a boma monga mwambo sichinali chithunzi cha moyo wakale wonse. Ofunsidwa anali amuna achikulire, mafumu ndi nduna zawo, pa nthawi imene ankaona kuti akazi ndi anyamata akuwapulumuka m'manja. Anafotokoza mwambo mouumitsa, mokomera iwo eni. Pabwalo la kumudzi nkhani ya mwana inkakambidwa masiku angapo, anthu n'kupeza njira yapakati: uyu akhale kwa agogo, uyu apite kwa atate ake akaphunzire. Mwambo utalowa m'kaundula unasanduka lamulo louma, lakuti ana ndi a uku kapena a uko basi.

Moyo nawo unali kusintha mofulumira kuposa kaundulayo. Amuna ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku Kitwe ndi ku Luanshya. Ena ankatumiza ndalama, ena anasanduka matchona osabweranso. Bambo amene walipira fizi ndi thukuta la mumgodi anayamba kufunsa kuti malume akulamulira bwanji mwana amene sanamugulirepo ngakhale sileti. Kumigodi ya mkuwa Mchewa ankakwatira Mlozi, Mngoni ankakwatira Mbemba. Ukwati wotere ukatha, mwambo wa yani ugwire ntchito? Makhoti a m'matauni amene anakhazikitsidwa kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, okhala ndi oweruza otumidwa ndi mafumu a mitundu yosiyanasiyana, ankakumana ndi funsoli kawirikawiri. Mwamuna wa kumbali ya chikamwini akakwatira mkazi wa kumbali ya lobola osapereka ng'ombe, mbali iliyonse inkatha kukana kapena kulimbira mwanayo malinga ndi phindu limene ikuona.

Ku Mozambique njira inali ina. Abale athu a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde anali pansi pa Apwitikizi, amene malamulo awo a 1966 ankati mwamuna ndiye mutu wa banja. Dzikolo litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linakhazikitsa makhoti a anthu mu 1978, ndipo mu 1992 kunabwera makhoti a m'madera amene mpaka lero amamva nkhani zambiri za m'banja. Lamulo la banja la 2004 ndilo linachotsa mwamuna pa mpando wa mutu wa banja, nalinganiza udindo wa makolo onse awiri, ndipo linakonzedwanso mu 2019.

Ku Malawi makhoti a mafumu anasinthidwa mu 1962, ndipo mu 1969 anatchedwa makhoti a miyambo napatsidwa mphamvu zambiri. Timawakumbukira chifukwa cha milandu ya ndale monga wa Orton ndi Vera Chirwa, koma ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku m'maboma inali maukwati, mimba ndi ana, ndipo maloya sankaloledwa kuimira munthu kumeneko. Dr. Kamuzu Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'dziko ndipo amayiwo ankatchedwa mbumba yake. Mawu a banja lachichewa anakwera pansanja ya ndale pa nthawi yomwe malume weniweni kumudzi mphamvu zinali kumuthera. Makhotiwa analeka kugwira ntchito mu 1994 ndipo milandu ya mwambo inapita kwa amajisitireti.

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 anasintha maziko. Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera momwe anabadwira, ndipo gawo 24 limapatsa amayi ufulu wofanana ndi wa abambo pa kusunga ndi kulera ana. Kunja kwa dziko kunali kutachitika kale zinthu ziwiri: pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndi pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi ubwino wa mwana la 1990. Onse awiri amaika ubwino wa mwana patsogolo. Mu 2010 Malawi inakhazikitsa lamulo lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, mu 2015 lamulo limodzi la maukwati a mitundu yonse, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Zambia, imene kwa nthawi yaitali inkatsata malamulo a chisudzulo a ku England pa maukwati a kwa boma, inapanga lake mu 2007, ndipo mu 2022 inasonkhanitsa malamulo a ana m'buku limodzi lotchedwa Children's Code Act. Kumeneko maukwati a mwambo amathetsedwabe m'makhoti ang'onoang'ono a m'madera.

Kodi woweruza amachita chiyani kwenikweni mlandu ukafika? Lamulo la ku Malawi la 2010 limamuuza kuti aone ubwino wa mwana, aganizire kufunika kwakuti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, amve maganizo a mwanayo, ndiponso asalekanitse ana a mimba imodzi popanda chifukwa. Amafunsa kuti ndani wakhala akumusambitsa, kumuperekeza kusikelo ndi kusukulu. Amafunsa za nkhanza ndi za mowa. Akhoza kutuma wa zachisamaliro cha anthu kuti akaone pakhomo. Kulemera kwa bambo pakokha sikumpatsa mwana, chifukwa khoti likhoza kusiya mwana kwa mayi n'kulamula bambo kuti azipereka chithandizo. Lobola nayonso payokha sithetsa nkhani, ndipo chikamwini chimodzimodzi. Woweruza wanzeru amamvabe za mwambo, popeza umamuuza kumene mwanayo adzapeze munda ndi anthu omulandira, koma mwambowo tsopano ndi umboni umodzi pakati pa maumboni ena.

Chimene ndimachiona chokongola m'lamulo la 2010 n'chakuti wopempha kusunga mwana sayenera kukhala kholo lokha. Wachibale akhozanso kupempha. Malume ndi agogo, amene malamulo a ku England sankawadziwa, abwereranso pakhomo la khoti, koma tsopano ayenera kuonetsa kuti mwanayo apindula chiyani m'manja mwawo.

Nkhani ya masiku oona mwana ndiyo yatsalira m'mbuyo kwathu kuno. Ku England lamulo la 1989 linataya mawu akale omveka ngati wina wapambana ndipo wina wagonja, nalankhula za udindo wa makolo, za kumene mwana azikhala ndi za momwe azionana ndi kholo linalo. South Africa inachitanso chimodzimodzi m'lamulo la ana la 2005, ndipo kuyambira pa lamulo la 1987 ili ndi ofesi ya loya wa boma woona za mabanja, imene imafufuza ndi kulangiza khoti za ana, popanda makolo kulipira. Kumeneko makolo amalemba ndondomeko: Loweruka liti, tchuthi chiti, Khirisimasi ya chaka chino kwa yani. Lamulo la 2005 limapatsanso udindo bambo wosakwatira amene wavomera mwana ndi kumusamalira, mfundo imene abale athu ambiri okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town saidziwa mpaka tsiku la mkangano.

Kwathu chigamulo nthawi zambiri chimangonena kuti kholo linalo lizimuona mwana pa nthawi yoyenera, kapena kuti azipita kwa atate ake pa tchuthi. Nthawi yoyenera ndi iti pamene mayi ali ku Mchinji ndipo bambo ali ku Blantyre, ndalama ya basi palibe? Bambo wina amaleka kupereka chithandizo ponena kuti samuonetsa mwana, mayi naye amabisa mwana ponena kuti bambo sapereka kanthu. Pamaso pa lamulo ziwirizi ndi nkhani zosiyana, ndipo kulephera kwa wina sikumasula mnzake. Koma khoti lilibe anthu okwanira olondola ngati chigamulo chikutsatidwa, choncho ntchitoyo imabwerera kwa ankhoswe omwe aja, ngati ukwatiwo unali nawo. Maukwati ambiri a m'tauni, ongolowana, alibe.

Tibwerere ku chinyengo cha George Norton. Ife ndife anthu a chinenero chimodzi ogawidwa ndi malire atatu. Kuchoka ku Mchinji kupita ku Chipata ndi ulendo waufupi, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu msewu waukulu umayenda m'malire enieni a Mozambique. Kholo lokwiya likhoza kuwolotsa mwana m'mawa, madzulo n'kukhala kunja kwa mphamvu ya khoti limene linagamula. Maiko anapangana ku The Hague mu 1980 kuti mwana wotengedwa mosaloledwa azibwezedwa msanga kudziko limene amakhala, kuti khoti la kumeneko ndilo liweruze. Britain, South Africa, Zimbabwe ndi Zambia analowa m'panganoli, ngakhale kuti limagwira ntchito pakati pa maiko awiri pokhapokha ngati anavomerezana. Pamene ndikulemba, Malawi ndi Mozambique sali m'gulumo. Mayi wa ku Chadiza amene mwana wake wapititsidwa kwa azakhali ake ku Dowa ayenera kudzayamba mlandu watsopano ku Malawi, ndi ndalama zake, kapena kupempha mafumu a mbali ziwirizo kuti alankhulane. Ambiri amasankha mafumu, chifukwa kalata ya nyakwawa imawoloka malire amenewa msanga kuposa chisindikizo cha khoti.